Masiku anayi ku Addis Ababa, osadyanso mabisiketi m'chipinda

Amene munayendapo ulendo wa kuntchito kunja kwa dziko mukudziwa masamu amene timachita tisanakwere n'komwe ndege. Alawansi ya masiku mwakuti, tichotsepo ya hotela, yotsalayo ikwana matumba angati a simenti. Ine masamu amenewa ndinkawakhoza kwabasi. Pa ulendo wanga woyamba, zaka zapitazo, ndinalongedza mabisiketi, mtedza wokazinga ndi botolo la chiponde m'sutikesi. M'mawa ndinkadya cha pa hotela mpaka mimba kuti nde, masana cha pa msonkhano, madzulo n'kudzitsekera m'chipinda, ketulo pamoto, TV ikulankhula chilankhulo chosamveka. Ndinabwerako ndi ndalama ya malata. Koma mwana wanga atandifunsa kuti kumeneko anthu amadya chiyani, ndinangoti kukamwa yasaa. Ndinali nditaona bwalo la ndege, msewu umodzi ndi makapeti.

Ndiye pamene ku ofesi anandisankha kuti ndipite ku Addis Ababa ku msonkhano wa masiku atatu wokhudza malonda a mbewu za mtundu wa nyemba, ndinalumbira mumtima kuti ulendo uno simenti idikire pang'ono. Tinali awiri, ine ndi bambo wina wachikulire wa ku ofesi kwathu konko, amene mwambo wa mabisiketi uja anali mphunzitsi wake.

Tinanyamuka pa bwalo la Kamuzu Lachiwiri masana, mwezi wa Novembala, kunja kukuwotcha ngati m'ng'anjo. Ulendo wake ndi wa maola pafupifupi anayi, ndipo wotchi muiwonjezere ola limodzi. Za visa ndinali nditalembetseratu pa intaneti, pepala lake ndinalisindikiza. Za madola yambani msanga kuvutana nazo ku banki, mukudziwa nokha mmene zilili kwathu kuno. Ndalama yawo ndi birr, ndipo musasinthe yambiri nthawi imodzi chifukwa mukabwera nayo ku Lilongwe isanduka ya chikumbutso basi.

Titatuluka pa Bole International Airport chinatilandira ndi chisanu. Ine ndinali m'shati ya mikono yaifupi, poti ndimachokera ku dzuwa la Novembala. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,355 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali cha m'ma 1,050. Ndiye kuti anthu akugulitsa malonda, akuyendetsa minibasi, pamalo okwera kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Usiku woyamba ndinakwera masitepe a nsanjika ziwiri zokha, n'kuima kugwira chitsulo, mtima ukugunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Ndinayamba kuganiza za BP. M'mawa mwake mayi wina wa ku Ethiopia konko, amene anali m'gulu lokonza msonkhano, anaseka n'kundiuza kuti ndi mpweya chabe, umachepa kumtunda. Anati ndizimwa madzi ambiri, ndiziyenda modekha, mowa ndiyambe ndausiya tsiku loyamba. Pofika Lachinayi thupi linali litazolowera. Nyamulani juzi kapena jekete, ngakhale muchoke kuno kukutentha chotani.

Mayi ameneyu ndi amene anasintha ulendo wanga wonse. Pa tiyi wa 10 koloko ndinangomufunsa funso limodzi: inuyo mukaweruka mumakadya kuti? Sindinafunse kumene amapititsa alendo, ndinafunsa kumene amadya iwo eni. Anandiyang'ana kaye, kenako anati madzulo ano tipite.

Linali Lachitatu. Anatitengera kanyumba kena kuseri kwa msewu waukulu, kopanda chikwangwani choti ine n'kuwerenga, poti zilembo za Chiamhariki zili ngati tianthu tikuvina. Mnyamata anabwera ndi jagi ndi beseni kudzatisambitsa m'manja, ndendende kwathu. Kenako kunabwera mbale imodzi yaikulu ngati lichero, pansi pake atayala chinthu chotuwa, chofewa, chokhala ndi timaenje tambirimbiri ngati chifu cha ng'ombe. Pamwamba pake anaikapo timilu ta ndiwo tamitundumitundu kuzungulira. Mnzanga wachikulire uja anandinong'oneza kuti, "Achimwene, atiyalira thaulo. Chakudya chenicheni chikubwera?"

Thaulo limenelo ndiye injera, nsima yawo. Amapanga ndi ufa wa teff, kambewu kakang'ono kuposa mawere. Amakanda phala lake n'kulisiya masiku angapo kuti lisase, kenako n'kulithira pa chiwaya chachikulu chophwatalala. Kukoma kwake ndi kowawasa, ngati thobwa logona masiku atatu. Ndisaname, kuluma koyamba nkhope inakwinyika. Koma injera sadya payokha, monganso sitidya nsima yosuma yopanda ndiwo n'kumaiweruza. Umang'amba kachidutswa ndi dzanja lamanja, n'kutsina nako ndiwo, n'kuponya m'kamwa. Kuwawasa kuja kukakumana ndi tsabola ndi mafuta, zimagwirizana. Mbali yokoma koposa ndi ya pansi ija, imene yamwa msuzi wa ndiwo zonse. Imeneyo amadya pomaliza, ndipo simuyenera kuisiya.

Pa mbale yonseyo panalibe nyama ngakhale kachidutswa. Mayi uja anafotokoza kuti Akhristu a mpingo wa Orthodox amasala Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, osadya nyama, mazira, mkaka kapena batala, ndipo malo ambiri odyera amaphika motsatira zimenezo. Mbale ya masiku oterewa amaitcha beyaynetu. Panali mphodza zofiira za tsabola, masamba onga repu amene amati gomen, kabichi wosakaniza ndi mbatatesi ndi karoti, ndi shiro. Shiro ndiye anandigwira mtima, mwina chifukwa ntchito yanga ndi ya nyemba. Ndi ufa wa tchana kapena nsawawa, wophika ndi anyezi, adyo ndi zokometsera mpaka kukhala phala lokhuthala, ndipo amabwera nalo likuwira m'kamphika kadothi. Ndi mbale wake wa chipere chathu. Ndinakhala ndikuganiza kuti ife timalima nandolo wochuluka chotere, n'kumangodikira wogula wa ku India, pamene anzathuwa mbewu zawo zoterezi amazipera n'kumadya tsiku ndi tsiku, m'tauni momwe, olemera ndi osauka omwe. Nkhani imeneyi ndinaiphunzira bwino pa mbale ija kuposa pa zithunzi za pa khoma za ku msonkhano.

Ndipo mtengo wake tonse atatu sunafike ngakhale pa mtengo wa mbale imodzi ya ku hotela imene tinkagona. Apa ndi pamene masamu a mabisiketi aja anagwera. Chimene chimadya alawansi ndi lesitilanti ya mu hotela, osati kudya kunja.

Tili mkati mwa kudya, mayi uja anakulunga injera ndi shiro bwinobwino, n'kutambasula dzanja kulunjika pakamwa pa mnzanga wachikulire uja. Bambo wa zidzukulu, mkulu wa mpingo, kudyetsedwa ndi mkazi wa mwini pagulu! Anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Ine kuseka mpaka kutsamwa. Mwambowu amati gursha, ndipo ndi ulemu waukulu: amene amakukonda kapena kukulemekeza amakudyetsa ndi dzanja lake, ndipo nthongo ikakula ndiye kuti chikondinso n'chachikulu. Atamva tanthauzo lake anayasamula, maso ali kudenga, n'kumeza. Potuluka anandigwira mkono: "Achimwene, izi zithere konkuno. Mayi akunyumba asamve." Ndiye ndikudziwa kuti akawerenga izi andiimbira.

Lachinayi madzulo okonza msonkhano anatitengera tonse ku malo ena aakulu cha ku Bole, kumene kumakhala zakudya ndi magule achikhalidwe. Malo oterewa alipo angapo, ndi okwera mtengo, ndipo theka la anthu ake ndi alendo onyamula mafoni m'mwamba. Ngati akulipirirani, pitani. Ngati n'kutulutsa m'thumba mwanu, kamodzi n'kokwanira. Gule wawo wotchuka ndi eskista, wovina ndi mapewa, khosi ndi chifuwa, m'chiuno muli phee. Ife a m'chiuno tinaitanidwa kutsogolo n'kukachita manyazi. Koma woimba wina anali ndi masinqo, choimbira cha chingwe chimodzi chokhwekhweza ndi uta, ndipo nditangomva kulira kwake ndinakumbuka kaligo wa agogo ena a kumudzi kwathu. Anatipatsanso tej, mowa wa uchi wachikasu, m'timabotolo ta khosi lalitali. Umatsekemera ngati sobo, ndipo chinyengo chake chili pomwepo. Kamodzi kakukwanirani ngati mawa muli ndi zoti mulankhule pagulu.

Usiku umenewo ndi umene ndinadya phula chifukwa chosafunsa. Ndinaona pa tebulo loyandikana nafe mbale ya nyama yogaya yonunkhira batala, ndinangoloza kuti inenso yomweyo. Inali kitfo, nyama ya ng'ombe yaiwisi, yosakaniza ndi batala wawo wa zonunkhira ndi tsabola wa ufa wotchedwa mitmita. Ndinazindikira ili kale m'kamwa. Kukoma imakoma, sindingaikane, koma maganizo anali pa njoka za m'mimba ndi pa lipoti limene ndimayenera kupereka m'mawa mwake. Anzanga a komweko anandiuza mochedwa kuti ukhoza kuitanitsa leb leb, yongofunditsa pang'ono, kapena kunena kuti aiphike ipse. Palibe chimene chinandichitikira, koma ndinagona ndikumvetsera mimba ngati wailesi. Inu mukafuna nyama itanitsani tibs, yokazinga ndi anyezi ndi tsabola wamuwisi, yofanana ndi kanyenya wathu. Kapena doro wat, nkhuku yophika nthawi yaitali mu anyezi ndi tsabola wofiira wa berbere, yobwera ndi dzira lowiritsa. Za mitmita, ine ndimadzitama kuti ndinakulira kambuzi, koma ndinatuluka thukuta m'mutu.

Madzi ndinkamwa a m'botolo okha. Masamba osaphika ndinkawapewa kunja kwa hotela.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndikufuna muisunge kuposa zonse. Msonkhano unatha Lachisanu masana, ndege yobwerera inali Lamulungu m'mawa, ndiye Loweruka linali langa. Ndinapangana ndi dalaivala wina amene mayi uja anandipezera kuti adzanditenge. Ndinamufunsa nthawi, iye anati 2 koloko. Ndinadandaula mumtima kuti m'mawa wonse upita pachabe, komabe ndinavomera, n'kukonza zogona mpaka dzuwa litakwera. Loweruka 8 koloko m'mawa foni ya m'chipinda inalira, akuti dalaivala wanu wafika. Ndinatsika ndi nkhope ya tulo kukamuuza kuti walakwitsa. Anandionetsa wotchi yake, ikuloza 2 koloko ndendende.

Ku Ethiopia tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo ndi ola loyamba. 8 koloko ndi 2, masana enieni ndi 6, ndipo 6 koloko madzulo ndi 12. Ukaiganizira bwino nzeru yake ndi yomveka kuposa yathu, imene tsiku limayamba pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Ogwira ntchito m'mahotela ndi m'maofesi akuluakulu amasinthira okha ku nthawi yathu akamalankhula ndi mlendo, koma dalaivala, wogulitsa mu shopu kapena mlonda angakuuzeni yawo. Mukamapangana, funsani kuti ndi nthawi ya ku Ethiopia kapena ya alendo, ndipo onetsanani pa foni.

Ndinali nditalemba malo asanu ndi awiri oti ndione. Dalaivala anayang'ana pepalalo n'kupukusa mutu. Misewu ya Addis imadzaza, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Tinasankha atatu oyandikana, onse kumpoto kwa mzinda.

Tinayambira ku National Museum of Ethiopia, pakati pa madera a Arat Kilo ndi Sidist Kilo. Nyumba yake si yochititsa kaso, ndipo ndalama yolowera ndi yochepa zedi. M'chipinda cha pansi ndi mmene muli Lucy, mafupa a cholengedwa chonga munthu chimene chinakhala ndi moyo zaka pafupifupi 3.2 miliyoni zapitazo. Anawapeza mu 1974 ku Hadar, m'chigawo cha Afar. Eni dziko amamutcha Dinkinesh, kutanthauza kuti ndiwe wodabwitsa. Amene amaonetsa pagalasi ndi chifanizo chake, enieniwo amawasunga mosamala kwina. Chimene chinandidabwitsa ndi kuchepa kwake: msinkhu wongopitirira pang'ono mita imodzi, ngati mwana wa sitandade 1. Nditaima pamenepo manyazi anandigwira. Kwathu ku Karonga, pa Uraha, kunapezeka chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni mu 1991, ndipo pa boma pali nyumba yosungiramo zakale yofotokoza zonsezi. Ndadutsapo kangapo popita ku Songwe kukaoda katundu, osaimapo ngakhale tsiku limodzi.

Kuchoka apo tinapita ku Holy Trinity Cathedral, kufupi ndi Arat Kilo komweko. Nsapato amavula pakhomo, ndipo amayi amafunda nsalu yoyera kumutu. Ngati ndinu mayi nyamulani kampango. M'katimo muli manda a Mfumu Haile Selassie ndi mkazi wake Menen, amiyala ikuluikulu. Dzinali ife timalidziwa ngati msewu wa mu Blantyre, komanso Emperor's View pa phiri la Zomba, pamene anaimapo atabwera kudzacheza mu 1965. Sindinkadziwa kuti mathero ake anali owawa chotere. Asilikali a gulu lotchedwa Derg, amene analanda boma, anamuchotsa pampando mu 1974, anamwalira ali m'manja mwawo mu 1975, mafupa ake anapezeka mu 1992 atakwiriridwa pansi pa nyumba ina ya kunyumba yachifumu, ndipo anadzaikidwa mwaulemu m'tchalitchimu mu Novembala 2000. Dalaivala wanga, amene anali wolongolola njira yonse, apa anangoti zii, n'kupsompsona khoma la tchalitchi potuluka.

Kenako tinakwera phiri la Entoto. Msewu wake ndi wokhotakhota, wodutsa m'nkhalango ya bulugamu, fungo lake ngati uli ku Chikangawa kapena ku Dedza m'mawa. Mitengoyi inachokera ku Australia m'nthawi ya Mfumu Menelik II, pamene nkhuni zinasowa mpaka mzinda unatsala pang'ono kusamutsidwa. Pamwamba pake ndi okwera kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, amene ali mamita 3,002, koma ukufikapo pa galimoto. Menelik ankakhala kumeneku poyamba. Kuli tchalitchi cha Entoto Maryam, kumene anavekedwa ufumu mu 1889, ndipo kuseri kwake kuli nyumba yake yachifumu. Ndinkayembekezera chinyumba chonga Sanjika. Ndinapeza nyumba zazing'ono za makoma opaka njereza, denga la mitengo yomanga ndi zingwe za chikopa. Munthu amene anagonjetsa asilikali a Italy pa nkhondo ya Adwa mu 1896 ankagona mmenemo. Mkazi wake Taytu ndi amene anatopa ndi chisanu cha paphiripo n'kutsikira kumunsi kumene kuli akasupe a madzi otentha, ndipo mu 1886 mzinda unayambira pamenepo. Dzina lakuti Addis Ababa limatanthauza duwa latsopano.

Potsika tinadutsa amayi atasenza mitolo ya nthambi za bulugamu kumsana, yotalika kuposa chitseko, atawerama mpaka nkhope kuyang'ana phula, akupita kukagulitsa m'tauni. Kumunsi kwawo nyumba zagalasi zosanjikizana zikunyezimira. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule, kenako ndinaibweza m'thumba. Mayi anga anasenzapo nkhuni chonchi.

Za kujambula, samalaninso ndi nyumba za boma, nyumba yachifumu ndi asilikali. Dalaivala anandiletsa kawiri konse. Likulu la African Union tinangoliona tikudutsa pa galimoto, chinyumba chachitali chimene anamanga ndi a ku China n'kutsegulidwa mu 2012. Bungwe limene linalipo poyamba, OAU, linabadwira mumzinda womwewu pa 25 Meyi 1963, ife tisanalandire n'komwe ufulu. Ndinamuuza dalaivala kuti mtsogoleri wathu Bingu wa Mutharika anakhalapo wapampando wa AU mu 2010. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti Malawi akumufunafuna pa mapu a m'mutu mwake.

Merkato, msika waukulu wa mumzindawu, ndinausiya dala. Aliyense anandichenjeza za opisa m'matumba, ndipo pamafunika tsiku lathunthu ndi munthu wodziwa njira. Anandichenjezanso za anyamata olankhula Chingerezi chabwino amene amakupeza pamsewu, n'kunena kuti ndi ophunzira, n'kukuitanira ku mwambo wa khofi kapena wa magule kwinakwake. Ukapita, bilu yake imabwera ya ng'ombe. Mmodzi anandipezadi pafupi ndi hotela. Ndinamuthokoza n'kupitiriza ulendo. Poyenda ndekha madzulo ndinkaitanitsa galimoto pa foni kudzera pa Ride kapena Feres, chifukwa mtengo umaoneka pa foni pomwepo. Matakisi akale a buluu ndi oyera aja amafuna kunenerera musanakwere.

Khofi weniweni ndinamwera kunyumba kwa mayi uja Loweruka madzulo. Mng'ono wake anayala udzu wauwisi pansi, n'kukhala pa kampando kafupi. Anatsuka khofi wosakazinga, n'kumukazinga pa mbaula ife tikuona, kenako anazungulira ndi chiwaya kuti aliyense akokere utsi wake kumphuno ndi dzanja. Anasinja mu kamtondo, n'kuwiritsa mu jebena, kamtsuko kadothi kakuda ka khosi lalitali. Lubani akufuka pambali, mbuliwuli zili m'mbale. Amathira m'timakapu topanda chogwirira, maulendo atatu: woyamba abol, wachiwiri tona, wachitatu baraka, wa madalitso. Kunyamuka usanamwe wachitatu n'kupanda ulemu. Zonsezi zinatenga maola pafupifupi awiri, ndipo palibe amene anayang'ana wotchi, ya mtundu uliwonse. Mawu amodzi okha a Chiamhariki amene ndinakwanitsa kuwatchula ndi ameseginalehu, zikomo, ndipo ana a m'nyumbamo anandibwerezetsa kasanu akugubuduka ndi phwete.

Mnzanga wachikulire uja ku phiri sanapite nawo, anati mawondo. Koma ku khofi anabwera, ndipo pobwerera ndi amene anaimitsa galimoto pa supamaketi kuti agule mapaketi a khofi ndi berbere. Gulani m'tauni momwemo, pa bwalo la ndege mtengo ndi wina. Mabisiketi ake anabwerera nawo ku Lilongwe osatsegula.

Sabata yotsatira ndinakapereka malisiti ku akaunti. Patangotha ola limodzi mayi wa kumeneko anandiitana, nkhope ili gwa, lisiti la dalaivala lili m'manja. "Bambo, mukufuna kundipusitsa ndi lisiti la zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo?" Kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, khumi ndi iwiri ya masiku 30 ndi kamodzi ka masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo imatsalira zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu. Mwachitsanzo, pa 11 Seputembala 2024 iwo ndi pamene ankalowa chaka cha 2017. Ndinafotokoza zonsezi, ndinawaonetsa pa intaneti, anaitana ndi abwana awo omwe kuti adzaone. Analilandira pokhapokha nditalemba kalata yofotokoza n'kusainira pansi. Mukamalandira lisiti lolemba pamanja kumeneko, muuzeni wolembayo awonjezere deti lathu pambali pake, asainirenso.